Ndalama sizitembenuza wodwala

Ndinafika ku Johannesburg m'chaka cha 2011 ndili ndi chikwama chimodzi, nambala ya foni ya msuweni wanga, ndi pulani ya nyumba ya zipinda zitatu imene ndinajambula ndekha kumapeto kwa kope. Kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo agogo anga aamuna anabwerako kuno pa nthawi ya Wenela kudzagwira ntchito m'migodi, n'kubwerera ndi njinga, wailesi ndi malata amene mpaka lero akadali pa denga la nyumba imene anasiya. Choncho kuyambira ubwana wanga ndinkadziwa kuti munthu amapita ku Joni kukatenga katundu n'kubwerera, ndipo wobwerera chimanjamanja ndiye kuti anakapusa. Maganizo amenewa sanali oipa pachiyambi, koma anandisandutsa munthu wodzikonda kwa zaka zoposa khumi, pamene Lamulungu lililonse ndinkakhala pa benchi lachiwiri m'tchalitchi, Baibulo lili pamiyendo. Ndikulemba kuti abale anga amene akuyenda njira yomweyi adziyang'ane msanga kuposa mmene ndinachitira ine.

Ndinayamba ndi maganyu osamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za ku Randburg, kenako ndinaphunzira kupenta, ntchito imene ndikugwira mpaka pano. Ndimakhala ku Rosettenville, m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yaikulu, pabwalo pamene pali zipinda 7, mpopi umodzi ndi chimbudzi chimodzi. M'kope lija ndinkalembamo ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, koma chimene chinandiwononga ndi chizolowezi chimene ndinayamba pang'onopang'ono, chowerengera chinthu chilichonse m'matumba a simenti. Munthu akandipempha R100, mutu wanga unkangoona thumba la simenti likuchoka pa nyumba yanga ya kumudzi. Tsiku lopanda ntchito linali matumba atatu. Mlendo wogona kwanga sabata imodzi anali zenera lathunthu. Munthu ukafika pamenepo sufunikanso kukhala wankhanza kuti uchite zoipa, chifukwa masamu amakukanira okha iwe usanatsegule pakamwa.

M'chaka cha 2016 mnyamata wina wa m'mudzi mwathu, mwana wa mayi amene ankathandiza mkazi wanga kupalira, anakwera basi kubwera kuno atapatsidwa nambala yanga. Anatsika pa Park Station madzulo, ndipo anandiimbira kasanu ndi kawiri pa foni yobwereka. Ndikukumbukira bwino kuti ndinali nditakhala pabedi, foni ili pa bulangete, ikuyaka ndi kuzima, ine ndikungoiyang'ana, mpaka ndinaitembenuza chafufumimba kuti kuwala kwake kusandisowetse mtendere. Mnyamatayo anagona pa siteshoni masiku awiri, kufikira mayi wina wa ku Mulanje wogulitsa tomato anamumva akulankhula Chichewa n'kumutengera kwawo. Kumudzi ndinawauza kuti foni yanga inali itawonongeka, ndipo Lamulungu lotsatira ndinadya Mgonero wa Ambuye popanda mtima kundigunda.

Pamene dziko lino linatsekedwa chifukwa cha Covid-19 kuyambira pa 27 Malichi 2020, anthu a maganyu anakhala osagwira ntchito milungu yambirimbiri, ndipo thandizo la boma la R350 pa mwezi silinafikire ambiri mwa ife amene mapepala athu sanali olongosoka. Ine ndinali nditasunga ndalama, ndipo ndinagula msanga thumba lalikulu la ufa, mafuta ophikira, nyemba ndi nsomba za m'chitini, zonse n'kuziika pansi pa bedi. Ndinkaphika usiku, chitseko chotseka ndi nsanza zotsekera mpata wa pansi pake, kuti fungo la ndiwo lisafike kwa anzanga a pabwalo, amene ena mwa iwo anali ndi ana aang'ono. Masana ndinkakhala nawo padzuwa n'kumadandaula nawo limodzi za njala.

Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zonsezi sindinadzionepo ngati munthu wodzikonda. Chakhumi ndinkapereka, msonkho wa maliro ndinkasonkha pa nthawi yake, ndipo mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama kwa mkazi wanga ndi kwa amayi anga kudzera ku Mukuru osaphonya. Kudzikonda kwa kuno sikubwera ndi nkhope ya umbombo ayi. Kumabwera kutavala zovala za udindo, ndipo kumalankhula mawu omveka anzeru: ndili ndi ana kumudzi, ndinabwera kudzafuna ndalama osati abale, ukayamba kuthandiza mmodzi mudzi wonse ukhala pakhomo pako. M'mawu amenewa muli choonadi china, ndipo n'chifukwa chake ndi ovuta kuwagonjetsa.

Chipinda chogundana ndi changa munkakhala bambo wina wachikulire wa ku Nkhotakota amene tonse tinkangomutchula kuti a Madala. Anagwira ntchito ya ulonda kuno zaka zoposa 20, ndipo anali mtchona weniweni, chifukwa kwawo anali atasiya kulemberana ndi kuimbirana kalekale. M'mwezi wa Juni 2022 anagwa m'mawa akubwera ku ntchito, ndipo kuchipatala anati ndi sitiroko yobwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Patapita milungu iwiri anawatulutsa ali ofa ziwalo mbali yonse ya kumanja, pakamwa patapotoka, osatha kudzuka, kudya kapena kupita kuchimbudzi okha. Sanali a mpingo wathu, ndipo sindikukhulupirira kuti anali atalowapo m'tchalitchi chilichonse kwa zaka zambiri, koma amayi a Mvano a mumpingo mwathu atamva anabwera Loweruka ndi phala ndi zofunda.

Mmodzi wa amayiwo, mkazi wa mkulu wa mpingo, anagogoda pachitseko changa. Ndinadziwa chimene anabwerera, kapena ndinkaganiza kuti ndikudziwa, ndipo asanamalize moni ndinali nditatulutsa kale R200 m'thumba, ndalama imene kwa ine inali yochuluka kwambiri. Iwo anaiyang'ana osaitenga, n'kunena mofatsa kuti: "Bambo, bwezani kaye m'thumba. Ndalama tasonkha kale ndipo tisonkhanso, koma ndalama sizitembenuza wodwala. Ife amayi tikhoza kuphika ndi kuchapa, koma sitingasambitse bambo wamkulu ngati uja, mukudziwa mwambo wathu. Inu khoma lanu ndi limodzi ndi lawo, akatsokomola usiku mumamva."

Ndinasowa choyankha, chifukwa zinali zoona kuti ndinkamva. Ndinali nditamva kale usiku wathunthu akubuula ndi kugunda khoma ndi dzanja lawo lamoyo, ndipo ndinali nditafunda mutu. Ndinavomera, koma ndinene chilungamo kuti sindinavomere chifukwa cha chikondi. Ndinavomera chifukwa cha manyazi, poopa kuti nkhani ifika kwa akulu a mpingo kuti ndakana. Izi ndikuzitchula dala, popeza ambiri timadikira kuti mtima uyambe wafewa ndiye tidzatumikire, pamene kwa ine manja ndiwo anayamba, mtima unabwera m'mbuyo mochedwa ndithu.

Usiku woyamba magetsi anali atazima, chifukwa m'miyezi imeneyo kuzimazima kwa magetsi kunali kutafika poipa, ndipo kuzizira kwa Juni kuno kumalowa m'mafupa. Ndinatenthetsa madzi pa pulayimasi, ndinatenga beseni langa lochapira, sopo, kansalu ndi kandulo. Nditatsegula chitseko chawo fungo linandibweza m'mbuyo, ndipo ndinaima kaye panja mphindi zingapo ndikulimbana ndi mseru. A Madala anali atadziipitsira kuyambira masana. Nditayamba kuwavula anatembenuzira nkhope kukhoma, misozi ikutsika chammbali kulowa m'khutu, ndipo ndi pakamwa popotoka paja ananena mawu amene ndinawamva movutikira: "Pepa, mwana wanga." Ndinayankha kuti, "Musadandaule, bambo, ndi matenda awa," koma mawu anga anatuluka ouma, chifukwa mumtima ndinali ndikuwerengabe kuti mawa ndidzuka mochedwa ndipo bwana wa ntchito akhoza kundidula theka la tsiku.

Ndinamaliza thupi lonse, ndinasintha madzi, ndipo ndinafika ku mapazi. Anali mapazi a munthu amene waimirira pa mageti a anthu usiku wonse kwa zaka makumi awiri: zidendene zong'ambika ming'alu yakuya, zikhadabo zokhuthala zopindikira m'kati, ndi zipsera za nsapato zothina. Phazi la kumanja linali lolemera ndi lozizira ngati si la munthu wamoyo, ndipo ndinayenera kulinyamula ndi manja awiri kuti ndiliike m'beseni. Ndili chogwada pa simenti yozizira, thawulo lili paphewa, ndinakumbukira Yohane 13, pamene Ambuye Yesu anavula chovala chake, nadzimanga nsalu m'chiuno, nathira madzi m'beseni, n'kuyamba kusambitsa mapazi a ophunzira ake. Ndimeyi ndinali nditaimva ikulalikidwa kambirimbiri pa nyengo ya Pasaka, ndipo ndinkaitenga ngati chithunzi chokongola cha kudzichepetsa. Usiku umenewo ndinazindikira kuti mapazi amanunkha, madzi amada, mawondo amapweteka, ndipo mwa anthu amene anawasambitsawo munali Yudasi amene anali atatsimikiza kale zomupereka, ndi Petro amene anali pafupi kumukana. Sanasankhe oyenera. Ndinabwerera m'chipinda changa, ndinasamba m'manja katatu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri ndinapemphera popanda kutchula nyumba ya ku Ntcheu.

Mlongo wina wa mumpingo mwathu amene amagwira ntchito yosamalira okalamba anabwera kudzatiphunzitsa ife amuna anayi amene tinagawana masiku. Anatiuza kuti wodwala wosatha kudzisuntha ayenera kutembenuzidwa pafupifupi maola awiri alionse kuti asachite zilonda m'chiuno, kumsana ndi m'zidendene, ndipo khungu lake lizikhala louma ndi lodzoledwa mafuta. Anationetsa kuti podyetsa munthu wa sitiroko timukhazike tsonga, tizimupatsa phala pang'onopang'ono ndi supuni yaing'ono, n'kudikira kuti ameze, chifukwa akatsamwa chakudya chimatha kulowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Anatiuzanso kuti tiziongola ndi kupinda mkono ndi mwendo wakufawo tsiku lililonse kuti mfundo zisaume, ndiponso kuti mankhwala a kuthamanga kwa magazi asadumphe tsiku. Ine ndinatenga usiku wa Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, komanso m'mawa uliwonse ndisanapite ku ntchito, popeza ndinali woyandikana nawo.

Ndikanakonda kunena kuti kuyambira pamenepo ndinasinthiratu, koma zimene zinachitika n'zakuti kutumikirako kunavundukula kudzikonda kwina kumene sindinkadziwa kuti ndili nako. Patangotha sabata imodzi ndinayamba kufuna kuti anthu adziwe. Tsiku lina ndinawajambula a Madala atakhala pampando, atametedwa ndevu ndi kuvala malaya oyera, ndi cholinga chotumiza chithunzicho ku gulu la WhatsApp la mpingo ngati kupempha mapemphero, koma chala chili pa foni ndinadzifunsa kuti kodi amene ndikufuna kuti aoneke pachithunzipo ndi ndani. Sanali iwo. Ndinkafuna kugulitsa manyazi a munthu wodwala kuti ndigule dzina labwino. Pa Mateyu 6 Ambuye amachenjeza za kuchita zachifundo pamaso pa anthu kuti akuone, ndipo amati dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita. Chithunzicho ndinachifufuta, koma chilakolako chotamandidwa sichinafufutike tsiku lomwelo.

Ndinayambanso kuwerengera anzanga. Mmodzi akajomba tsiku lake ndinkakwiya usiku wonse, osati chifukwa wodwala wavutika, koma chifukwa ine ndagwira ntchito yoposa gawo langa. Ndipo a Madala eni ake sanali wodwala wofatsa nthawi zonse. Panali masiku amene ankakana kudya, ankandikalipira kuti phala ndi lamadzi, ndipo tsiku lina anakankha kapu ndi dzanja lamanzere, tiyi n'kutayikira pa yunifolomu yanga ya ku ntchito. Ndinatuluka panja ndikunjenjemera ndi mkwiyo, ndikunena mumtima kuti munthu uyu si m'bale wanga, si wa mpingo wanga, ndipo sathokoza n'komwe. Nditaima pa mpopi paja ndinazindikira kuti ndinali nditangosintha mtundu wa malipiro: kale ndinkafuna simenti, tsopano ndinkafuna zikomo.

Apa ndi pamene ndinayamba kuuganizira mwatsopano mwambi wathu wakuti kupatsa n'kuika. Ndi mwambi wabwino, ndipo wasunga midzi yathu m'zaka za njala, koma munthu wonga ine akhoza kubisalamo bwinobwino, chifukwa umalola kupereka uku ukuyembekezera kudzatenga. Msonkho wa maliro ndinkasonkha mokhulupirika chifukwa ndinkadziwa kuti tsiku lina mtembo wanga udzafuna kunyamulidwa kupita kwathu. Koma pa Luka 14 Ambuye Yesu amauza amene anamuitana kuphwando kuti asamaitane abwenzi, abale ndi anansi olemera amene angadzamuitanenso, koma aitane osauka, opunduka, otsimphina ndi osaona, chifukwa iwowo alibe chobwezera. A Madala analibe chobwezera chilichonse, ngakhale mawu okoma ena masiku ambiri analibe, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake Mulungu anawaika kuseri kwa khoma langa. Ndinapukuta yunifolomu ija, ndinabwerera m'chipindamo, ndinawiritsa tiyi wina. Pambuyo pake ndinamva kwa mlongo wosamalira okalamba uja kuti kupsa mtima ndi kulira kosadziwika bwino zimachitika kawirikawiri kwa odwala sitiroko, ndipo munthu amene wakhala wodzidalira moyo wake wonse amamva kuwawa kwambiri akamasambitsidwa ngati khanda.

Nkhani ya ndalama sindingaidumphe, chifukwa ndi imene imatimanga ambiri. M'miyezi itatu imeneyo ndinataya maganyu a Loweruka angapo, ndinagula matewera a akuluakulu ndi parafini, ndipo ndalama zotumiza kumudzi zinachepa. Poyamba ndinamubisira mkazi wanga, n'kumanena kuti ntchito yavuta, koma bodza limenelo linandikumbutsa la foni yowonongeka lija, ndipo ndinamuimbira n'kumufotokozera zonse. Anakhala chete kanthawi, kenako anati: "Bambo a ana, nyumba sithawa. Ine usiku uliwonse ndimapemphera kuti inu mukadzadwala kumeneko padzapezeke munthu wokupatsani madzi, ndiye ndingaletse bwanji kuti inu mukhale munthu ameneyo kwa wina?" Tinagwirizana kuti fizi ya ana ndi feteleza zisakhudzidwe, koma pulasitala wa nyumba adikire. Ndimalangiza aliyense wapabanja kuti achite chimodzimodzi, chifukwa kuthandiza anthu akunja mobisira banja lako, kapena kusiya ana ako ndi njala kuti mpingo ukuyamikire, nakonso ndi kudzikonda kovala malaya ena. Sindikunenanso kuti pempho lililonse la ndalama liyenera kuyankhidwa. Alipo amene amapempha kuti akamwere mowa kapena kubetcha, ndipo ndimawakanabe. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndimayamba ndamvetsera munthuyo, ndipo foni ndimayankha.

Chinthu china chimene ndinaphunzira n'chakuti ntchito yotere siyenera kugwiridwa ndi munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo amene akufuna kusenza yekha kawirikawiri amatopa, amawawidwa mtima, kenako amasiya wodwalayo pa nthawi yoipitsitsa. Ife tinalemba masiku papepala n'kulimata kuseri kwa chitseko cha a Madala, amayi anagawana zophika ndi zochapa, ndipo banja lina la ku Zimbabwe la pabwalo pathu, limene ine ndinalibisira chakudya mu 2020, linkawayang'anira masana ife tili ku ntchito popanda wowapempha. Pa Agalatiya 6 Paulo amati tinyamulirane zothodwetsa, ndipo mawu akuti kunyamulirana amatanthauza kuti nawenso uvomere kuthandizidwa, chinthu chimene munthu wonyada sachikonda.

A Madala atayamba kulankhula momveka anatiuza kuti akufuna kukafera kwawo. Akulu a mpingo anafufuza kudzera mwa anthu a ku Nkhotakota okhala kuno mpaka anapeza mlongo wawo, amene ankaganiza kuti anamwalira kalekale. Tinawapezera kalata yoyendera ku ofesi ya kazembe wa Malawi, tinasonkha ndalama za matikiti awiri, ndipo m'mwezi wa Seputembala m'bale wina amene ankapita kutchuthi anawaperekeza pa ulendo wa masiku awiri wodutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kulowa m'Malawi. Tinawanyamula anthu awiri kuwakweza m'basi. Nditawakhazika pampando ndi kuwafunditsa bulangete, anandigwira dzanja ndi dzanja lawo lamanzere mwamphamvu, n'kundifunsa dzina la mudzi wathu, ngati kuti akufuna kulisunga. Anakhala kwa mlongo wawo miyezi isanu ndi umodzi, ndipo anamwalira m'manja mwa abale awo.

Nditabwerera kuchokera kokawaperekeza ndinafufuza nambala ya mnyamata uja wa 2016, amene pano akugwira ntchito ku Cape Town ndipo ali ndi banja lake. Ndinamuuza kuti foni yanga sinali yowonongeka, kuti ndinaona kuimba kwake konse ndipo ndinasankha kusayankha. Anandiuza kuti ankadziwa, chifukwa foni yowonongeka siitana, ndipo anafotokoza mmene anagonera chokhala atakumbatira chikwama chake poopa akuba. Ananena kuti wandikhululukira, koma mawu ake anali aafupi, ndipo mpaka lero ndikamulembera uthenga amayankha mwaulemu koma motalikira. Sindimuimba mlandu. Amayi ake kumudzi ndinakawapepesanso pamaso nditapita pa Khirisimasi, ndipo anandilandira bwino kuposa mmene ndinayenera.

Kope lija ndikadali nalo, ndipo nthawi zina ndimadzipezabe ndikuwerenga matumba a simenti munthu akugogoda pachitseko. Ndikazindikira zimenezo ndimapemphera mawu ochepa ndisanatsegule, kupempha kuti ndione munthu amene waima pakhomoyo monga mmene Ambuye amamuonera pa Mateyu 25, pamene amati chimene tachitira mmodzi wa abale ake aang'onong'ono tachitira iye. Nyumba ya ku Ntcheu ili ndi denga ndi mazenera, koma khoma la kumbuyo silinapakidwebe pulasitala. Chipinda cha a Madala tsopano mukukhala anthu ena, ndipo beseni lija linapita ku Turffontein, kumene mnyamata wina wa ku Mangochi anagwa pa makwerero ali pa ntchito yomanga n'kuthyoka msana. Tilipo amuna asanu amene tagawana masiku, ndipo anga ndi Lachiwiri ndi Lachisanu usiku.